Zochita ngati maganizo a zamawa akukulandani tulo

Maganizo a zamawa sabwera masana anthu akukuonani ayi, amadikira cha m'ma 2 koloko usiku ana onse ali mtulo, nde mwangotembenuka pabedi basi mutu wayamba masamu, fizi ya teremu ikubwerayi, lendi, feteleza, kontilakiti ya kuntchito yomwe ikutha ndipo abwana sakunenapo kanthu, bipi ya amayi kumudzi, mpaka tambala kulira inu muli maso gwa. Ndipo tisanamizane, zifukwa zilipo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako 44 peresenti mu Novembala 2023, chaka chomwecho mu Malichi namondwe wa Freddy anali atakokolola anthu ndi nyumba ku Chilobwe, Phalombe, Mulanje uko, 2024 kunabwera ng'amba mpaka boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Munthu woona zonsezi n'kumaopa sikuti ndi wachikunja, ali ndi maso basi. Funso ndi loti mkhristu achite nawo chani manthawo.

Yambani ndi pepala, osati pemphero lalitali. Ndikudziwa ena zikudabwitsani koma ndamvereni kaye. Nkhawa ikakhala m'mutu imaoneka ngati ndi zinthu 50, mukailemba mupeza ndi zinayi kapena zisanu zomwe zikungozungulirazungulira. Tengani kope, dulani mzere pakati. Mbali imodzi lembani zomwe mungachitepo kanthu sabata ino, mbali inayo zomwe olo mutaganiza mpaka mutu kuphulika simungasinthe. Kukaonana ndi ahedi kuti akuloleni kulipira fizi pang'onopang'ono, izo ndi zanu. Kaya mvula igwa bwanji chaka chino, kaya dola ifika pati, izo si zanu. Yesu pa Mateyu 6:27 anafunsa kuti ndani mwa inu angadziwonjezere kanthu pa moyo wake chifukwa choda nkhawa, ndipo mpaka lero palibe anakwezapo mkono.

Mbali ya zanuyo gwirani ntchito, pano mpomwe ambiri timaphonya. Timawerenga za mbalame zosafesa zosakolola zija n'kuganiza kuti Yesu akuti tikhale pakhonde tizidikira. Ayi ndithu. Baibulo lomwelo pa Genesis 41 likutionetsa Yosefe akuuza Farao kuti m'zaka 7 za zokolola zambiri azisunga gawo limodzi mwa magawo asanu, kunena kwake thumba limodzi pa matumba asanu alionse, ndipo munthu wake anali wa Mulungu weniweni. Nde kulowa banki mkhonde, kusiya chimanga china osagulitsa chonse kwa mavenda nthawi yokolola mitengo ili pansi, kulemba bajeti olo ndalama yake ikhale yochititsa manyazi, kumeneko si kuchepa chikhulupiriro. Kusiyana kwake nkwakuti pulani imakhala ndi pothera, mwalemba mwatseka kope mwagona, pamene nkhawa ilibe pothera.

Mbali inayo ndiyo ya pemphero, koma muzitchula zinthu maina ake. Mapemphero athu ambiri amakhala a "Ambuye mukudziwa zonse" basi amen, mtima uli chilemerere. Nenani kuti Atate, ndikuopa kuti pa 30 alandilodi abwera ndilibe chowapatsa, ndikuopa zotsatira za kuchipatala Lachinayi. Afilipi 4:6 akuti zopempha zathu zidziwike kwa Mulungu, pamodzi ndi chiyamiko, ndipo kumbukirani kuti Paulo analemba zimenezi ali m'ndende asakudziwa ngati atuluke wamoyo, sanali pa sofa ayi. Taonaninso bwino vesi 7, chomwe akulonjeza pamenepo ndi mtendere wolondera mtima ndi maganizo, sanati ndalama ilowa pa Mpamba m'mawa. Pena imalowadi, tamvapo maumboni, koma lonjezo lake ndi mtendere, ndipo munthu wa mtendere amaganiza bwino, sathamangira katapila wa chiwongola dzanja cholusa chifukwa cha phuma.

Chiyamikocho musachidumphe. Kumapeto kwa kope lomwelo muzilemba zomwe munaziopa kale koma munadutsamo. Chaka chija munkati mwana sakhala nawo mayeso, anakhala. Samueli anaimika mwala n'kuutcha Ebenezeri kuti anthu asaiwale pomwe Yehova anawafikitsa, ifeyo timaiwala msanga zedi, nkhawa yatsopano ikangofika timakhala ngati Mulungu sanatichitirepo kanthu chibadwire.

Tsopano chovuta kwambiri, chomwe ine ndimaona kuti ndiye mtima wa nkhani yonse, kuphunzira kukhala mu tsiku limodzi. Werengani Eksodo 16 modekha. Aisraele m'chipululu ankapatsidwa mana a tsiku limenelo basi, ena mwa mantha anasungako kuti mwina mawa sikugwa kanthu, kutacha anapeza mphutsi ndi fungo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi lokha ndi lomwe ankatola a masiku awiri chifukwa cha Sabata. Zaka 40 anthu akugona opanda chakudya cha mawa m'nyumba, komabe m'mawa uliwonse akudya. Pemphero la Ambuye lomwe timaloweza ku Sande sukulu lija likupemphanso chakudya cha lero, osati cha mpaka Disembala. Mphamvu zomwe Mulungu wakupatsani lero ndi zokwana mavuto a lero, nde inu mukatenga mavuto a chaka chamawa, a ukalamba wanu, a ana anu akadzakula, n'kuwasenza onse Lachiwiri limodzi, mukuthyoka ndithu, osati poti Mulungu wakutayani koma mwanyamula katundu wa masiku omwe sanafike. Pochita pake mpophweka kunena, kuchita ndiye kumafuna kuzolowera. M'mawa musanagwire foni funsani kuti lero lokha ndikuyenera kuchita chani, sankhani ziwiri kapena zitatu. Ganizo la zakutsogolo likabwera masana, liuzeni kuti nthawi yako ndi madzulo pa kope, ndipo madzulowo muipatsedi mphindi 15, mulembe, mupemphere, mutseke. Likabweranso usiku, bwerezani vesi limodzi lomwe munaloweza, kaya Salimo 23, kaya 1 Petro 5:7, pang'onopang'ono mukupuma bwino, olo kakhumi.

Foniyo nayo, abale. Kugona mukuwerenga zokangana za ndale pa Facebook ndi mavoisi a m'magulu a WhatsApp onena kuti zinthu zikwera mawa, kenako n'kumadabwa kuti tulo tathawira kuti. Ikani patali ikamakwana 9.

Chenjerani ndi ogulitsa tsogolo. Munthu wa mantha ndi kasitomala wabwino kwambiri, nchifukwa chake mukuona ena akulipiritsa kuti akuoneni m'masomphenya, madzi odalitsa, mafuta, mbewu ya ndalama yoti mutsegule chaka. Sindikunena kuti uneneri kulibe, koma nkhani iyi ndi yakale. Vesi lomwe timalikonda lija, Yeremiya 29:11, la malingaliro a mtendere ndi tsogolo labwino, linalembedwa m'kalata yopita kwa anthu omwe anali akapolo ku Babulo, ndipo kalata yomweyo inawauza kuti mukhala kumeneko zaka 70, mangani nyumba, limani minda, kwatirani. Mutu 28 kuli mneneri wina Hananiya yemwe ankalalika zokoma, zaka ziwiri zokha zonse zitheka, anthu ayenera kuti anamukonda ameneyo, koma linali bodza ndipo anafa chaka chomwecho. Nde wina akakulonjezani kuti pofika mwezi wamawa mavuto onse atha bola mupereke kaye, gwirani chikwama chanu bwinobwino. Ndalama ya lendi musakaisiye kumeneko.

Musakhale nokha ndi maganizo. Ife aMalawi timadziwa kuyankha kuti "tili bwino kaya inu" mkati tikupsa, makamaka azibambo. Yesu amene ku Getsemane anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane n'kuwauza poyera kuti mtima wake wazingwa ndi chisoni, nanga inu ndinu ndani kuti muzilimba nokha? Pitani ku mphakati ngati ndinu a Katolika, ku mlaga, ku Mvano, ku Dorika, kulikonse komwe mpingo wanu umakumana pakati pa sabata, koma sankhani munthu mmodzi kapena awiri osunga pakamwa, poti tikudziwana, zina zimachoka pa "tiwapempherere" n'kufika pa mjigo. Nthawi zambiri yankho la pemphero limadzera mwa anthu omwewo, wina amadziwa komwe akufuna munthu wa ganyu, wina anadutsamo kale m'zomwezo.

Ndipo thupi musaliiwale. Eliya atathawa Yezebeli pa 1 Mafumu 19 anafika popempha kuti afe, mneneri wamkulu ngati ameneyo. Mulungu sanayambe ndi kumukalipira, anamusiya agone, mngelo anamudzutsa kuti adye mkate amwe madzi, anagonanso, anadyanso, zolankhulana zinabwera pambuyo. Idyani, gonani, yendaniko pang'ono madzulo. Ngati papita masabata angapo tulo osabwera, chakudya osalowa, mtima ukungogunda mwamphamvu popanda chifukwa, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala cha boma lanu mukafunse oona za maganizo, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso pa zomwezi. Abusa kapena mkulu wa mpingo atha kukuperekezani, mankhwala mukapatsidwa imwani, kupemphera muzipemphera ndithu.