Kamfuno Wobwerezabwereza: Lekani Kutseka Mphuno ndi Nsanza

M'nyengo ino ya dzuwa ndi fumbi ndikuona ana ambiri akuyenda nkhope ili kumwamba, m'mphuno atawatsekamo kansanza, thonje kapena tsamba, ndipo makolo akudabwa kuti kamfuno akubwerera sabata ndi sabata. Chimodzi mwa zimene zikubweza kamfunoyo ndi kutsekako.

Magazi ambiri a kamfuno amachokera kutsogolo kwenikweni, pa kakhoma kamene kamagawa mphuno pawiri, pomwe timitsempha ta magazi tili pamwambamwamba pansi pa khungu lopyapyala. Mpweya ukauma khunguli limang'aluka, ndipo chimfine, kumina mwamphamvu ndi kutokosa ndi chala zimakulitsa bala. Balalo limapanga nkhanambo kuti lipole, koma nsanza ija imamatirira pa nkhanambo yomweyo, ndipo mukaisolola mwatsegulanso bala. Kukweza nkhope nako sikuletsa magazi, kumangowalozera kukhosi, mwana n'kuwameza kenako n'kusanza. Kodi tidzasiya liti chizolowezi chimenechi?

Mlimi wina anandiuza kuti nthawi yopuntha mbewu amatuluka magazi pafupifupi tsiku lililonse, ndipo anazolowera kung'amba kansalu n'kupitiriza ntchito. Pofotokoza anatchulanso kuti amamwa asipirini mutu ukamawawa, osadziwa kuti mankhwalawa amachedwetsa magazi kuundana. Anadzapita kuchipatala atayamba chizungulire, ndipo anamupeza ndi magazi ochepa m'thupi komanso BP yokwera, imene imachititsa kuti magazi akayamba kutuluka avute kusiya. Ntchito ya m'munda inaima. Chimandipweteka n'chakuti nsanza inabisa vuto limene likanadziwika kale, monga imabisiranso matenda a magazi osaundana, kapena kanjere kamene mwana wadzilowetsa m'mphuno, komwe kamadziwika ndi mamina onunkha otuluka mbali imodzi.

Kamfuno akayamba, khalani pansi, weramirani kutsogolo, tsinani mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 mpaka 15 osasiyira panjira, uku mukupumira pakamwa. Magazi akasiya musamine tsiku limenelo, pakani Vaseline pang'ono m'kati, ndipo ana muwawenge zikhadabo. Pitani kuchipatala ngati magazi apitirira mphindi 20, ngati kamfuno akubwera pafupipafupi, kapena ngati pali kutuluka magazi m'nkhama ndi mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake. Amene adokotala anakupatsani mankhwala osungunula magazi, omwe nawonso amachedwetsa magazi kuundana, musawasiye mwa inu nokha, kawafotokozereni kaye.