Kuyatsa uvuni wa chitofu cha gasi osawauka nsidze

Chitofu changa cha gasi ndinachigula mu 2022, chaka chija namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira mu Januwale, magetsi n'kuyamba kumabwera ngati mlendo. Ine ndimakhala ku Matawale, mu Zomba, ndipo ndimaphika masikono a maoda, ambiri mwa iwo amapita m'timagolosale ta ku Chikanda kumene kumagona ana a ku yunivesite. Uvuni wa magetsi unkandisiya m'manja ufa nditakanda kale, pamene mbaula ya makala pansi ndi pamwamba siingakutulutsireni mathireyi atatu kusanache. Kuchokera nthawi imeneyo amayi anzanga angapo agulanso zitofu zotere, koma ndikalowa m'makhitchini mwawo ndimapeza akuphika pamwamba pokha. Uvuni anausandutsa kabati ya mapoto ndi majumbo. Ukawafunsa amati amaopa kuti uwaphulikira. Mantha amenewo ndimawamvetsa chifukwa ine unandiwaulapo, ndipo ndifotokoza bwinobwino chimene ndinalakwitsa.

Yambani ndi kuudziwa uvuni wanu masana, silinda ili yotseka. Tulutsani zonse za m'katimo, makamaka mapepala ndi zapulasitiki. Gwadani muyang'ane pansi pake. Pali chitsulo chafulati, ndipo kutsogolo kwake, pafupi ndi chitseko, pali kabowo. Moto wa uvuni sumaoneka poyera ngati wa pamwamba, burner yake, kapena kuti mpope wa timabowo potulukira motowo, ili kunsi kwa chitsulocho ndipo kabowo kameneko ndiye poyatsira. Pa zitofu zambiri chitsulocho chimachoka mukachikoka kapena kumasula tizomangira tiwiri. Chichotseni kamodzi kokha muone burner mmene yakhalira, kaya ndi yaitali ngati mpope kaya yopindika, ndi pamene kabowo kaja kalunjika. Ngati uvuni wakhala miyezi osayatsidwa mupezamo ndowe za mphemvu ndi maukonde a akangaude. Sesani ndi kamswachi kouma, chifukwa zimenezi zimatseka timabowo totulukira gasi.

Muonenso batani lake. Pa chitofu changa batani limodzi lomwelo limayatsa uvuni ukalipotolera kumanzere, ndipo limayatsa grill ya pamwamba m'katimo ukalipotolera kumanja. Munthu angathe kutsekula gasi wa ku grill iye akudikira moto pansi, gasi n'kumangodzaza. Zizindikiro zikafufutika ndi kupukuta, lembanipo ndi penti ya zikhadabo.

Za silinda sindichulutsa, poti ngati mumaphika kale pamwamba ndiye kuti mumadziwa kuimanga. Koma ndinene za regulator, kachipangizo ka pamutu pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi. Musagule zija zopanda dzina zimene anyamata amayenda nazo m'manja cha kudepoti, ngakhale mtengo wake ukhale theka la ya m'sitolo. Chitofu cha m'nyumba chimafuna regulator ya mphamvu yochepa, yolembedwa 2.8 kPa kapena 28 mbar. Ina imene ndinanyengedwa nayo kumayambiriro inkatulutsa gasi mosinthasintha, moto wa mu uvuni n'kumadumphadumpha mpaka kuzima wokha keke ili m'kati. Payipi ikhale ya gasi yeniyeni, osati ya madzi, ndipo mbali zonse ziwiri imangidwe ndi tizitsulo tofinyira, osati mphira wa chubu cha njinga. Mukasintha silinda pakani thovu la sopo polumikizira ponse. Thovu likamafufuma ndiye kuti gasi akutuluka, tsekani mukonze kaye. Osayesera ndi machesi.

Kodzazitsa nako samalani. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, gasi anakwera ndipo kunatulukira anthu odzaza masilinda kuseri kwa nyumba, mtengo wotsikirako pang'ono koma makilogalamu osakwana. Mitengo ya gasi amalengeza ndi a MERA, bungwe la boma loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi, ndipo ogulitsa ovomerezeka amakhala ndi chiphaso chawo. Pa silinda iliyonse panadindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Iikidwe pa sikelo inu mukuona, isanadzazidwe komanso itadzazidwa. Wa kabaza akamakubweretserani, muuzeni aimange choimirira.

Tsopano kuyatsa kwenikweniko. Tsekulani zenera la kukhitchini. Tsekulani chitseko cha uvuni chonse mpaka chigone, osati theka. Nunkhizani m'katimo. Gasi payekha alibe fungo, opanga amathiramo mankhwala onunkha ngati kabichi woola kuti akamatuluka tizidziwa. Ngati simukumva kanthu, tsekulani silinda.

Kenaka yatsani machesi batani musanalikhudze. Moto uyambe wafika pa kabowo, gasi abwere pambuyo kudzaupeza. Kamtengo ka machesi wamba n'kakafupi, kamatha musanamalize, choncho ine ndimayatsira kandulo yaing'ono pambali n'kutengapo moto ndi kamtengo kaatali ka nsungwi, tija tobayira nyama. Malaita aatali khosi aliponso mu msika waukulu wa Zomba, koma otchipawo satha mwezi. Gwirani motowo pa kabowo ndi dzanja limodzi, dzanja linalo likankhire batani m'kati n'kulipotola mpaka pa nambala yaikulu. Mutu wanu ukhale pambali, osati kutsogolo kwa khomo la uvuni. Pakangopita kamphindi mumva kuti "bvuu" pang'onopang'ono, ndipo mukasuzumira pa kabowo muona mzere wa moto wabuluu ukuyenda kuzungulira burner yonse.

Musafulumire kulisiya batanilo. Zitofu zabwinoko zili ndi kachitsulo konga msomali pafupi ndi burner, kotchedwa thermocouple. Kakatenthedwa ndi moto kamagwira valavu kuti ikhale yotseguka, moto ukazima kamazizira n'kutseka gasi kokha. Ndiye muyenera kulikankhabe batani masekondi 10 mpaka 15 moto utayaka kale. Mchemwali wanga wa ku Chinamwali anatsala pang'ono kubweza chitofu chatsopano kusitolo, akuti uvuni ukumazima akangochotsa dzanja, pamene vuto linali lomweli. Ngati chanu chili ndi batani lothethetsa moto, njira ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa machesi mumadina batanilo. Dziwani kuti zambiri zimathetheka ndi magetsi a ESCOM, choncho akazima mubwerera ku machesi basi.

Chitofu changa ndi cha mtengo wotsika, chilibe kachitsulo koteteza kaja. Ukangopotola batani gasi amatuluka ndipo sasiya mpaka utatseka wekha. Apa ndi pamene ndinapwetekera.

Munali mu Juni, chiperoni chitatsika m'phiri masiku atatu, chilichonse m'nyumba chili chinyontho. Ndinadzuka cha m'ma 4 koloko, magetsi kulibe, oda ya masikono ikufunika 6 koloko isanakwane. Ndinali ndi chimfine, mphuno zitatsekeka. Chifukwa chothamanga ndinayamba ndi kupotola batani, kenaka n'kutenga bokosi la machesi limene linagona pazenera. Kamtengo koyamba kanangonyenyeka mutu. Kachiwiri chimodzimodzi, kachitatu kanathoka. Ndinadzuka kukatenga bokosi lina kuchipinda, ndipo podzuka ndinakankha chitseko cha uvuni ndi bondo kuti ndisapunthwe nacho mumdima. Batani sindinatseke. Sindinaganizeko n'komwe, maganizo onse anali pa machesi.

Kupita kuchipinda, kufufuza ndi tochi ya foni, kubwerera, mwina panadutsa mphindi imodzi ndi theka. Ndinagwada, n'kutsekula chitseko, nkhope ili pafupi kuti ndione kabowo, n'kukhwatcha machesi. Moto sunadikire kuti ndifikitse dzanja pa kabowo. Unalira kuti "phuu!" n'kutuluka pakhomo lonse la uvuni kundimenya kumaso, chitsulo cha pansi chija chinadumpha n'kugwa ndi phokoso, ine n'kugwera chagada. Nsidze ndi tsitsi la patsogolo zinawauka, dzanja lamanja linapsa kuyambira pa zala mpaka pa mkono. Bambo a kunyumba anatulukira akuthamanga. "Mayi a Chisomo, mwatani? Tsekani maso, musatikite!" Iwo ndi amene anakumbukira kutseka silinda, chifukwa burner inali itayaka ndipo ine sindinkadziwanso chimene chikuchitika. Anandiika dzanja pa mpopi madzi akuyenderera kwa mphindi 20. Anansi atamva anabwera ndi malangizo a mankhwala otsukira mano ndi dzira laliwisi, koma musapakepo zimenezo, madzi ozizira okha kenaka kuchipatala. Matuza anatenga milungu iwiri kuti apole, ndipo masiku onsewo sindinakande ufa.

Mmisiri amene anabwera kudzaona chitofu anandifotokozera chimene chinachitika, ndipo ndikufuna aliyense achimve. Gasi wa m'masilinda athuwa ndi wolemera kuposa mpweya. Sauluka kupita kudenga ngati utsi, amatsika n'kudikha pansi ngati madzi m'beseni. Pamwamba pa chitofu mukachedwa kuyatsa, gasi amamwazika m'chipinda. Koma uvuni ndi bokosi, gasi amaunjikana kunsi kwa chitsulo chija kumene simukuona. Ndipo safunika wambiri, akangofika magawo 2 mpaka 10 pa magawo 100 a mpweya wa m'bokosimo, kamoto kakang'ono kamayatsa yense nthawi imodzi. "Mayi," anatero mmisiriyo, "mukanakhalitsa kuchipindako, galasi la chitsekoli tikanalitola pabwalo."

Ndiye lamulo langa ndi ili. Machesi akazima, kapena mwawerenga mpaka 10 moto osagwira, tsekani batani nthawi yomweyo musanachite china chilichonse. Timabuku ta zitofu zambiri timanena kuti musapitirire masekondi 15 mukuyesa, ndipo mudikire mphindi imodzi chitseko chili chotsekula musanayesenso. Ine ndimadikira mphindi 5, chitseko cha uvuni ndi cha kukhitchini zili pululu, ndipo ndimakupiza m'katimo ndi lichero kuti gasi wa pansi atuluke. Kandulo ija muizimitse kaye. Fungo likakhala lamphamvu musayatse kapena kuzimitsa swichi ya magetsi, tsekani silinda mutuluke panja. Mukakhala ndi chimfine itanani wina akununkhizireni. Machesi anga masiku ano amakhala m'botolo lotseka bwino, ndipo atsikana ondithandiza ndinawauza kuti batani la uvuni saligwira ngati m'dzanja linalo mulibe moto woyaka kale.

Moto ukayaka yang'anani mtundu wake. Wabwino ndi wabuluu, wofanana mbali zonse. Wachikasu wautali umadetsa mathireyi ndi mwaye komanso umatulutsa mpweya woipa wa carbon monoxide, umene sununkha koma umapha, ngati wa mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Kawirikawiri vuto limakhala fumbi mu burner. Koma ngati chitofu munagula chakale chochokera kunja, monga ku UK, chingakhale kuti chinapangidwira gasi wa m'mapayipi a kumeneko, amene timabowo take totulutsira gasi, majeti, timakhala tokulirapo. Chimenecho pa silinda chimatulutsa chimoto chachikasu choopsa. Majeti asinthidwe ndi mmisiri wodziwa za gasi, ndipo wina akakuuzani kuti angowafinya ndi hamala kapena kuwaboola ndi singano, mubwezeni.

Chitseko tsekani pang'onopang'ono, mukachimenyetsa mphepo yake imazimitsa moto. Mukatseka suzumiraninso pagalasi kuti mutsimikize kuti ukuyakabe, makamaka mukatsitsa batani, poti pa moto wochepa ndi pamene umakonda kuzima. Siyani uvuni utenthe mphindi 10 mpaka 15. Masikono ndimaphika pa madigiri a Celsius 200 mpaka 220, keke pa 180. Ngati batani lanu lili ndi manambala a gas mark, 4 ndiye 180 ndipo 6 ndiye 200, koma zitofu zotchipa manambala ake ndi ongolemba, muzolowera ndi maso. Changa chimapsereza kunsi, ndiye thireyi ndimaika pa shelefu ya pakati, thireyi ina yopanda kanthu pansi pake, n'kutembenuza nthawi ikafika theka. Musayale pepala la aluminiyamu pa chitsulo cha pansi, limatseka mipata yolowera mpweya.

Mukamaliza bwezani batani pa 0, tsekani silinda, ndipo mapoto aja muwapezere malo ena.