Musanagule ampu ina, mverani kaye phokosolo

Achinyamata amene mumasunga zida zokuzira mawu m'matchalitchi, pa maukwati ndi pa misonkhano ya m'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, ndabwera ndi nkhani yanu. Dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri n'lakuti ampu, chida chimene chimapatsa mawu mphamvu asanafike ku masipika, yatopa. Akhristu amasonkha ndalama, munthu amatumidwa ku Ulongué kapena kudutsa malire a Calómuè mpaka ku Dedza, ampu yatsopano n'kufika, koma poilumikiza phokoso lija lili pomwepo. Zimandiwawa, chifukwa ndalamazo zimachokera ku matumba a chimanga ndi mbatatesi za anthu, pamene chimene chinafunika mwina ndi chingwe chimodzi chokha.

Phokoso lililonse limadziulula lokha mukalimvetsera. Likamang'ung'udza pansipansi mosalekeza ngati njuchi mumng'oma, ndi magetsi amene alowa m'njira ya mawu. Magetsi athu ndi a mavoti 220 ndipo amasinthasintha mbali ka 50 pa sekondi iliyonse, ndiye kung'ung'udza kumeneko. Likamawomba ngati mvula ya patali, vuto lili pa kapotokoledwe ka mabatani a mikisa, chida chimene chimasakaniza mawu a maiki ndi zoimbira asanapite ku ampu. Likamathetheka ngati nkhuni pamoto, funani chingwe choduka m'kati kapena fumbi m'timabatani. Kulira kobaya m'makutu kuja n'kwa maiki imene yayang'anizana ndi sipika: bwererani nayo kumbuyo kwa masipika, nkhani yatha.

Tsono chitani monga mlimi amene akufufuza mbuzi imene ikutsokomola m'khola, kutulutsa imodziimodzi. Zimitsani ampu, muzule chingwe chochokera ku mikisa, muyatsenso ili ndi masipika okha. Ikakhala chete, ampuyo ilibe mlandu. Bwezeretsani mikisa yopanda chilichonse m'mabowo ake, mumvetsere. Kenako maiki yoyamba, yachiwiri, kiyibodi, gitala, laputopu, chimodzi pambuyo pa chinzake, mutatsitsa voliyumu musanalowetse chilichonse. Pamene phokoso labwerera, ndi pomwepo. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, simudziwa chimene chathandiza.

Kung'ung'udza ndi kumene kumavutitsa ambiri, choncho ndikhalitsapo. Kawirikawiri kumabwera mikisa ikalumikizidwa pa soketi ya kumbuyo kwa tchalitchi, ampu pa soketi ina pafupi ndi guwa. Zida ziwirizo zimakhala ndi njira ziwiri zopita kunthaka, ndipo kamphamvu kochepa ka magetsi kamayamba kuyenda m'chingwe cha mawu chimene chaziphatikiza. Tengani magetsi a zonse pa malo amodzi, bola chingwe chake chikhale chonenepa bwino, chosatentha mukachigwira. Laputopu nayo yeseni: zulani chaja, isewere pa batire. Phokoso likatha, chaja ndiye ikulowetsa, ndipo kabokosi kotchedwa DI box, kokhala ndi batani lolembedwa ground lift, kamathetsa zimenezi. Magetsi ophethiraphethira a pa ukwati aja ndi mainiveta otchipa a sola amaliranso m'masipika, apatseni njira yawoyawo ngati n'kotheka. Chingwe cha maiki chisagone limodzi ndi cha magetsi. Zikayenera kukumana, zidutsane mopingasa.

Pali nzeru ina imene imayenda pakati pa anyamata, yoti udule waya wa kunthaka, wobiriwira ndi wachikasu uja amene amisiri a kuno amati terra, phokoso litha. Nthawi zina limathadi. Koma wayayo anaikidwa kuti magetsi akathawira ku chitsulo cha ampu apite pansi. Mukaudula, njira yotsala ndi maiki, ndipo maikiyo ili m'manja mwa mayi wa kwaya amene waima osavala nsapato pa dothi lonyowa la m'dzinja. Chonde, abale anga, musadule. Mukamagwiritsa ntchito jenereta, muiike panja, patali ndi anthu chifukwa cha utsi wake, ndipo katswiri wa magetsi akuonetseni kalumikizidwe koyenera ka waya wa kunthakayo.

Za zingwe: chamaiki chokhala ndi timano titatu, cha XLR, chimakana phokoso ngakhale chitatalika mamita ambiri. Chija cha jeki ya mzere umodzi wakuda, cha gitala, chikapitirira mamita 5 kapena 6 chimayamba kutola zonse za m'njira. Ndipo lekani kukulunga zingwe pa chigongono, timawaya ta m'kati timaduka pang'onopang'ono.

Kuwomba kwa mvula kuja kumabwera mukatsitsa kabatani ka gain, kamene kamakweza mawu pamene akulowa m'mikisa, pamwamba pa tchanelo (mzere wa mabatani a maiki imodzi), n'kukweza ampu mpaka kumapeto kuti mawu amveke. Yambani ndi gain: woyankhula ayankhule monga adzachitire pa msonkhano, mukweze mpaka timagetsi tobiriwira tiziyaka, tachikasu mwa apo ndi apo, tofiira ayi. Ampu ibwere pomaliza. Matchanelo amene sakugwira ntchito atsitseni onse. Foni ya m'manja musaigoneke pa mikisa.

Fumbi la m'chilimwe ndi mdani wina. Phimbani mikisa ndi chitenje mukamaliza, koma ampu ikamagwira ntchito isaphimbidwe, imafuna mpweya. Kabatani kothetheka kamafuna mankhwala opopera otsukira zamagetsi, osati mafuta ophikira kapena a njinga.

Ampu ikamang'ung'udzabe ili yokha ndi masipika, apo ndiye itengereni kwa mmisiri. Musaitsegule nokha, chifukwa makapasita a m'kati mwake amasunga magetsi ngakhale mwaizula pa soketi. Kuyesa konseku chitani dzulo la mwambo, pa malo omwewo ndi jenereta yomweyo imene idzagwire ntchito mawa, abwenzi a mkwati asanadzaze bwalo.