Boila ikafa ku UK: onani khadi kaye, mtengo pambuyo

Boila yathu, makina otenthetsa nyumba ndi madzi, inafa usiku wa Lachisanu mu Januwale. M'mawa nditatsegula mpopi wa kubafa, madzi anali zii ngati a pachitsime cha ku Dedza mu Juni. Kwa sabata yathunthu tinkawiritsa madzi m'ketulo ndi m'mapoto n'kumasambira m'ndowa. Ana obadwira kuno ankaona ngati chilango, pomwe ife akuluakulu tinkangoseka kuti takumbukira kwathu. Kusekako kunatha makotesheni atayamba kubwera.

Tisanapite patali, ngati nyumba mukukhalayo ndi ya lendi, nkhaniyi si yanu. Ku England, gawo 11 la Landlord and Tenant Act 1985 limati kukonza zotenthetsera nyumba ndi madzi ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo malamulo a ku Wales ndi ku Scotland amanenanso chimodzimodzi. Alembereni uthenga kapena imelo, sungani umboni, musatulutse ndalama yanu poopa kuoneka ovuta. Zomwe ndikulembazi ndi za inu amene munalimba mtima n'kugula yanu pa mortgage, amene mukaitana landilodi mumadziyankha nokha.

Ambirife chikavuta timathamangira pa gulu la WhatsApp, ndipo sipapita mphindi khumi wina asanayankhe kuti, "Alipo achimwene ena a kutchalitchi, amapanga zimenezi motchipa." Mwina achimwenewo ndi mmisiri weniweni. Mwinanso ndi pulambala waluso pa mapaipi a madzi koma wosaloledwa kugwira gasi. Kuno lamulo limati aliyense wogwira ntchito ya gasi akhale m'kaundula wa Gas Safe Register, amene analowa m'malo mwa CORGI mu 2009. Munthu wotere amayenda ndi khadi lokhala ndi chithunzi chake, nambala ya manambala 7 ndi tsiku lothera ntchito. Litembenuzeni. Kumbuyo n'komwe kwalembedwa mitundu ya ntchito yomwe waloledwa, pakuti wina amaloledwa za makuka ophikira basi, za boila ayi. Nambalayo ilembeni pa webusaiti ya Gas Safe Register kapena imbani 0800 408 5500 kuti mutsimikize. Ngati boila yanu ndi ya mafuta, monga zimakhalira m'madera ena akumidzi ndi ku Northern Ireland, kaundula wofunika ndi wa OFTEC.

Vuto lathu ndi ulemu. Munthu amene mumaimba naye kwaya, amene anakuthandizani kusamuka, kumufunsa khadi kumamveka ngati kumunyoza. Ine ndinapeza njira: "Achimwene, a inshuwalansi ya nyumba amafuna nambala ya Gas Safe, munganditumizire?" Wolembetsedwa amatumiza nthawi yomweyo, nayenso amanyadira khadi lakelo. Amene ayamba kufotokoza kuti adzagwira ntchito yekha kenako mnzake adzabwera kudzasainira, mthokozeni, mum'patse tiyi, nkhani ithere pompo. Tonse tinamvapo za banja logona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka osadzukanso. Mpweya womwewo wa carbon monoxide ndi umene umatuluka m'boila yoikidwa molakwika, ndipo sununkha, suoneka.

Ine ndinaitana anthu atatu. Woyamba sanabwere n'komwe, anangoti ndimutumizire chithunzi cha boila yakale, kenako n'kulemba mzere umodzi: boila yatsopano, £1,800. Wachiwiri anabwera atavala bwino, ndi tabuleti m'manja, anakhala pa mpando ola lathunthu, mtengo wake unaposa £4,000, ndipo anati ndikasaina tsiku lomwelo andichotserako £500. Wachitatu anafika ndi nsapato zamatope. Asananene chilichonse cha ndalama anapita pa sinki ya kukhitchini, anatsegula mpopi wa madzi ozizira mpaka kumapeto, n'kutchera kakapu koyezera kuti aone malita otuluka pa mphindi. Anatsegula kabokosi ka mita kuona kukula kwa paipi ya gasi. Anawerenga maradiyeta, zitsulo za pakhoma zodutsa madzi otentha zotenthetsera zipinda, chipinda ndi chipinda, ndipo pa imodzi anamasula pang'ono n'kutchera kapepala koyera. Madzi amene anadontha anali bii ngati inki. Kenako anafunsa funso limene enawo sanafunse: "M'nyumba muno mumasamba angati nthawi imodzi?"

Funso limenelo ndi lalikulu kwa ife. Nyumba zathu sizikhala za anthu awiri. Pali mlamu amene wangofika kumene akufuna ntchito, pali agogo abwera kudzaona mwana wakhanda miyezi isanu ndi umodzi, pali wina akuchokera ku shifiti ya usiku pomwe ana akukonzekera sukulu. Boila ya combi, yomwe ndi yofala kwambiri, imatenthetsa madzi nthawi yomwe mwatsegula mpopi, ilibe thanki. Ya 24kW (kW ndi muyeso wa mphamvu ya boila) imapereka malita pafupifupi 10 pa mphindi, ya 30kW pafupifupi 12. Bafa likakhala limodzi zimakwana bwino. Koma mashawa awiri akatsegulidwa pamodzi, madziwo amagawana, ndipo kukuwa kumayamba. Nyumba yotere imafuna system boiler, yokhala ndi thanki yosungira madzi otentha, yofanana ndi giza ija tinazolowera ku Lilongwe. Dziwaninso kuti combi yaikulu siingatulutse madzi oposa amene akulowa m'nyumba kuchokera mumsewu. Ngati mpopi wanu ukupereka malita 10, kugula boila ya malita 16 n'kutaya ndalama. N'chifukwa chake kakapu kaja n'kofunika kuposa tabuleti.

Makotesheni akafika, musayambire pansi pomwe pali mtengo. Yalani mapepalawo pa tebulo n'kuona ngati akunena ntchito imodzi. Nthawi zambiri sakunena imodzi. Pepala labwino limatchula dzina la kampani yopanga boila, mtundu wake weniweni ndi ma kW. Kungolemba kuti "Worcester Bosch" kapena "Vaillant" sikokwanira, pakuti makampani amenewa, pamodzi ndi Ideal, Baxi ndi Viessmann, ali ndi mitundu yotsika ndi yokwera, ya waranti yosiyana. Onaninso mawu a pamwamba: quote ndi mtengo wokhazikika, estimate ndi kungoyerekeza, ndipo ukhoza kukwera ntchito ili mkati. Funsani ngati VAT ya 20% ilimo kale. Mmisiri wodziyimira yekha amene sapeza ndalama zoposa £90,000 pa chaka akhoza kukhala wosalembetsa VAT mosaphwanya lamulo, choncho mtengo wake wotsikirapo si umboni wa chinyengo. Chofunika n'chakuti zilembedwe.

Madzi akuda aja ndi dzimbiri la m'maradiyeta. Mukalumikiza boila yatsopano ku mapaipi a matope otere, ili ngati kuthira madzi oyera mumtsuko wosatsuka. Kotesheni inene mmene adzatsukire: pali chemical flush, yothira mankhwala n'kukhutula, ndipo pali power flush, ya makina, yomwe imatenga maola ambiri ndi mapaundi mazana angapo owonjezera. Si nyumba iliyonse imafuna power flush, ndipo amene akukukakamizani asanaone madzi anu akungogulitsa. Koma amene sanatchule kutsuka kulikonse ndiye woopsa kwambiri, chifukwa kampani yopanga boila ikadzapeza matope mkati ikhoza kukana kukonza mwaulere. Pakhalenso sefa ya maginito yogwira dzimbiri ndi mankhwala oletsa dzimbiri otchedwa inhibitor. Amene muli ku London, Luton, Reading ndi madera ena a kum'mwera chakum'mawa, komwe ketulo imayera mkati pakangopita mwezi, funsani za scale reducer. A ku Manchester ndi Glasgow madzi anu alibe vuto limeneli kwenikweni.

Zina ndi zazing'ono koma n'zimene zimabisa kusiyana kwa mitengo. Boila zamakono nthawi zambiri zimafuna paipi ya gasi ya 22mm, pomwe nyumba zakale zina zili ndi ya 15mm, ndipo kusintha kumatanthauza kuzula matabwa a pansi. Kuyambira 2005 boila zatsopano za gasi ku England ndi Wales zimakhala za condensing, zomwe zimatulutsa timadzi kudzera m'kapaipi ka pulasitiki. Kapaipi kameneka kakadutsa panja osakutidwa, kamaundana. M'chisanu choopsa cha kumapeto kwa Febuluwale 2018, chija anachitcha Beast from the East, boila zambirimbiri zinazima chifukwa cha kapaipi kameneka basi. Funsani kuti kadzadutsa kuti, ndipo kakatha kulowa m'paipi ya sinki m'kati mwa nyumba, ndi bwino koposa. Ku England malamulo a Boiler Plus a 2018 amafuna kuti combi yatsopano ibwere ndi thermostat (chotchera kutentha kwa m'nyumba), chotchera nthawi, ndi chinthu china chimodzi chopulumutsa gasi, monga smart thermostat kapena kachipangizo koyeza kuzizira kwa kunja. Alamu ya carbon monoxide ikhalepo. Chumuni chotulutsira utsi, kutseka bowo lakale pakhoma, kutaya boila yakale, zonsezi zilembedwe. Ngati muli m'fulati ya leasehold, yomwe munagula koma chinyumba chonsecho chili ndi mwini wake, kuboola khoma lakunja kumafuna chilolezo cha mwini chinyumba chonsecho, ndipo kupempha ndi ntchito yanu, osati ya mmisiri.

Nditafunsa woyamba uja zinthu zimenezi chimodzichimodzi, £1,800 ija inakwera mpaka kukafika pafupi ndi mtengo wa wachitatu, ndipo waranti yake inali ya zaka zochepa. Zotchipa zimadula, amatero.

Za waranti muzimvetsetse. Zaka 10 kapena 12 zomwe mumaona pa malonda zimabwera ndi malamulo ake: kawirikawiri woika akhale wovomerezedwa ndi kampaniyo, boila ilembetsedwe pasanathe masiku 30, ndipo chaka chilichonse ichitidwe sevisi ndi munthu wa Gas Safe. Mukadumpha chaka chimodzi chifukwa ndalama inapita kumaliro kumudzi, waranti ikhoza kuthera pomwepo. Funsaninso waranti ya ntchito ya manja ake. Joini ikamadontha pakatha miyezi itatu, kampani yopanga boila siidzabwera, wobwera ndi iyeyo, ngati foni yake ikadali yomweyo.

Makampani a pa intaneti monga BOXT ndi Heatable amapereka mtengo wokhazikika mukayankha mafunso ndi kutumiza zithunzi, ndipo amafika msanga. Ngati mukungochotsa combi n'kuika combi pamalo omwewo, ndi poyambira pabwino kuti mudziwe mitengo ya masiku ano. Ntchito yosamutsa boila kapena kuchotsa mathanki, ine ndingakonde munthu aione ndi maso. Ndemanga za amisiri pa mawebusaiti a Checkatrade ndi Which? Trusted Traders ziwerengeni, makamaka zodandaula ndi mmene mwiniwake anayankhira. Ena adzakuuzani za heat pump, makina a magetsi otenthetsa nyumba ndi madzi m'malo mwa boila, popeza boma limathandizapo ndi £7,500 ku England ndi Wales kudzera mu Boiler Upgrade Scheme. Ndi nkhani yoyenera kuiganizira boila ikadali yamoyo, osati ana akunjenjemera.

Pa kalipiridwe, musapereke ndalama yonse ntchito isanayambe. Dipoziti pang'ono ndi yomveka, ndipo ngati mungathe ilipireni pa kirediti kadi. Gawo 75 la Consumer Credit Act 1974 limachititsa kuti banki igawane udindo ndi wogulitsa pa katundu wa pakati pa £100 ndi £30,000, ngakhale mutalipira gawo lochepa chabe pa khadiyo. Wokuuzani kuti "kashi ndikuchotserani" akuchotsanso lisiti, ndipo tsiku la mlandu mudzagwira mphepo. Wokakamiza kusaina lero lomwe musamuope: mgwirizano wosainira m'nyumba mwanu kawirikawiri umakhala ndi masiku 14 oti mukhoza kusintha maganizo, ngakhale kuti mukapempha ntchito iyambe msanga mudzalipira zomwe zachitika kale. Za ngongole yolipira mwezi ndi mwezi, funsani ndalama yonse yomwe mudzakhale mutapereka pomaliza, osati ya pa mwezi yokha.

Tsiku loika, mmisiri asanakweze zida m'galimoto, tsegulani kumapeto kwa buku la boila. Kuli tsamba lotchedwa Benchmark, lomwe ayenera kulembapo zoyeza zake, nambala yake ndi siginecha. Akuonetseni mmene mungawonjezere madzi presha ikatsika, ndipo mujambule pa foni akuchita, chifukwa mudzaiwala. Iye ndi amene amadziwitsa Gas Safe za ntchitoyo pasanathe masiku 30, ndipo ku England ndi Wales mumalandira satifiketi yotchedwa Building Regulations Compliance Certificate, yomwe loya wa wogula adzaifuna tsiku lomwe mudzagulitse nyumbayo. Yathu inabwera pa positi patatha masabata awiri. Ndinaiika m'chikwama chomwe timasungira mapasipoti, ndipo nambala ya ngozi za gasi, 0800 111 999, ndinailemba ndi cholembera chakuda pachitseko cha kabati ya boila.