Kuteteza paipi yachitsulo yokutidwa ndi konkire kuti isabonyokere mkati

Paipi yachitsulo yopititsa madzi kumakina opanga magetsi, ikakhala pansi pa phiri ndipo yazingidwa ndi konkire, imakhala pachiopsezo tsiku limene mwaikhuthula madzi. Mkati mulibe kanthu, pomwe madzi a m'ming'alu ya thanthwe akukankhabe kunja. Chitsulo sichingathawire kunja chifukwa konkire yachitchinga, ndiye chimabonyokera mkati, kawirikawiri pamalo amodzi okha, nundu wautali n'kutsata kutalika kwa paipi.

Yambani ndi kudziwa mphamvu ya madzi akunjawo. Mamita 10 aliwonse a kuya kwa madzi ndi pafupifupi 0.1 MPa (MPa ndi muyezo wa mphamvu yokankha). Ngati mulibe miyeso ya nyengo yamvula ya piezometer (chipangizo choyezera mphamvu ya madzi a pansi pa nthaka), werengani ngati madzi afika pamwamba penipeni pa nthaka. Musaiwale madzi otuluka m'chigawo cha ngalande chomwe chili ndi konkire yokha: amayenda m'thanthwe n'kukafika kuseri kwa chitsulo ali ndi mphamvu yomwe imatha kuyandikira ya m'damu.

Kenako onani kuchindikala kwa chitsulo poyerekeza ndi m'mimba mwa paipi. Titenge paipi ya mamita 3 m'mimba mwake, chitsulo cha mamilimita 15, ndiye kuti D/t (m'mimba mwa paipi, D, kugawa ndi kuchindikala kwa chitsulo, t) ndi 200. Ili payokha popanda konkire, masamu a P = 2E/(1−ν²) × (t/D)³, pomwe P ndi mphamvu yomwe ingabonyole paipi, ndipo E ndi ν ndi manambala osonyeza momwe chitsulo chimatamukira (E ndi 210,000 MPa, ν ndi 0.3), amapereka pafupifupi 0.058 MPa. Amenewo ndi madzi a mamita 6 basi. Paipi yomweyo itagwiridwa bwinobwino mbali zonse, njira ya Glock ya 1977 imapereka pafupifupi 2 MPa, madzi a mamita 200. Nambala yachiwiriyi ndi yokoma m'maso koma musaidalire, chifukwa imatenga paipi ngati yozungulira ndendende, yopanda mpata kuseri, chitsulo chake chosafooka. Gwiritsani ntchito njira ya Amstutz ya 1970 ndi ya Jacobsen ya 1974, zomwe zimawerengera mpata komanso malire a mphamvu ya chitsulo. Tengani yankho locheperapo, muligawe ndi 1.5, ndipo yankho lomwe mwapezalo lipose mphamvu ya madzi akunja.

Mpatawo ndiwo umavuta. Simungaupewe: konkire imatentha pouma, chitsulo n'kufutukuka, kenako madzi ozizira akalowa chimanyala n'kusiya konkire. Chikazizira ndi madigiri 15, paipi yathu ija imasiya mpata wa mamilimita 0.27 kuzungulira konse. Onjezanipo kunyala kwa konkire yeniyeniyo, ndi thanthwe lomwe limasuntha pang'ono paipi ikadzaza koyamba osabwereranso. Zimaoneka zochepa, koma madzi akakankha, paipi imatsamira mbali imodzi, mpata wonse n'kusonkhana malo amodzi, ndipo nundu umayambira pomwepo. Malo ophwatalala pafupi ndi mzere wowotcherera amachitanso chimodzimodzi. Choncho yezani chigawo chilichonse chisanalowe m'ngalande: kusiyana kwa m'mimba mokulitsitsa ndi mochepetsetsa kusapitirire 1 peresenti, ndipo pamzere wowotcherera ikanipo chitsulo chodulidwa mokhota ngati paipiyo muone ngati pakutsala danga.

Pothira konkire, kumbukirani mamita 6 aja. Konkire yaiwisi imalemera makilogalamu 2,400 pa kiyubiki mita, ndiye mamita awiri ndi theka okha a konkire afika kale pamalire amenewo. Ikani michirikizo mkati mwa paipi, imangeni kuti isayandame, ndipo thirani pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri mofanana. Michirikizo ichoke konkire italimba.

Ikauma, gogodani mkati ndi hamala. Pomwe pakulira ngati mgolo wopanda kanthu pali mphako, lembanipo choko. Popani simenti yamadzi kudzera m'mabowo a m'chitsulo, kuyambira mabowo apansi kukwera m'mwamba, bowo lapamwamba lili lotsegula kuti mpweya uzituluka. Geji ikhale pabowo penipeni osati papampu, ndipo wopopa auzidwe malire ake, chifukwa pampu yomweyo imatha kubonyola chitsulo bowo lotulukira likatsekeka. Mukamaliza tsekani mabowo ndi mapulagi, muwotcherere, muyese ngati sakudontha.

Masamu akakana, pali njira zitatu: chitsulo chochindikala, mikombero yachitsulo yowotcherera kunja, kapena mapaipi ochotsa madzi kuseri. Mikombero imapulumutsa chitsulo chambiri, koma imatchinga konkire poyenda, mphako n'kutsala kuseri kwake, ndiponso muyenera kuwerengera payekha mkombero ndi chitsulo cha pakati pa mikombero iwiri. Mapaipi ochotsa madzi amatsekeka ndi laimu wochokera m'konkire pakapita zaka. Ngati palibe njira yowatsukira ndi kuyeza madzi otulukamo, musawawerengere n'komwe.

Pokhuthula paipi kuti muione mkati, tsitsani madzi mamita ochepa pa ola, mukupumira, kuti madzi a m'thanthwe nawonso atsike. Piezometer ikaonetsa kuti kusiyana kwa mphamvu ya kunja ndi ya mkati kukuyandikira malire omwe munawerengera, tsekani valavu mudikire. Ngati n'kotheka, ntchitoyi ichitike m'chilimwe madzi a pansi atatsika.