Momwe mungasamalire mbuzi m'chilimwe: chakudya, nkhupakupa ndi ntchentche

Okutobala akafika kuno ku Lilongwe msipu umakhala utatha, tchire lambiri litapsa ndi moto wa osaka mbewa. Mbuzi zanjala zimayamba kutola majumbo m'misika, kaya ku Mitundu kaya ku Nsundwe, ndipo jumbo ikalowa m'mimba sigayika. Mbuzi yowonda ndi imenenso tizilombo timaigwetsa msanga, choncho yambani ndi chakudya.

Choyamba, zitsekulireni m'mamawa kusanatenthe, masana zipume pamthunzi, zikadyenso dzuwa likapendeka. Madzulo muzipatse masangwi a mtedza kapena zotsalira za soya. Chakudyachi muchiike pamwamba kapena kuchimangirira pamtengo, chifukwa mbuzi siidya chakudya chimene yapondaponda. Mapesi okha amangodzaza mimba. Onjezani madeya, manja awiri odzaza pa mbuzi yaikulu patsiku, ndi kamchere pang'ono. Madeya a chuku tayani, ngakhale mutawapeza motchipa kuchigayo.

Masamba a mitengo ya lukina ndi gilisidiya amakhala obiriwira nthawi ino ndipo amamanga thupi. Gilisidiya ayambe wafota, apo ayi mbuzi zimamukana fungo. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo 3 a chakudya chonse, akachuluka amathothola ubweya. Amene muli ndi msangu m'munda, tolani nyemba zake zikamagwa. Madzi akhalepo tsiku lonse, makamaka kwa zoyamwitsa.

Chachiwiri, kamodzi pa sabata gwirani mbuzi iliyonse. Yang'anani nkhupakupa m'makutu, kunsi kwa mchira, pabere ndi pakati pa ziboda. Nkhupakupa ikaluma pakati pa ziboda mbuzi imatsimphina, eni n'kumati ndi minga. Ina, ya msana ndi miyendo yamawangamawanga, imafalitsa matenda amene mbuzi imazungulirazungulira, kugwa, n'kumapalasa miyendo. Mukaona zimenezo itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo.

Mankhwala opopera monga amitraz sungunulani motsatira zolembedwa pabotolo. Kuchepetsa mlingo kuti botolo likhalitse n'kumene kumachititsa nkhupakupa kuzolowera mankhwala. Poperani m'mawa, mbuzi zitamwa kale madzi, inu mutavala magolovesi. Mankhwala a fodya kapena a thonje asayandikire chiweto.

Chachitatu, khola. Utitiri umaswana m'fumbi ndi m'ndowe zouma, ndipo tiana ta mbuzi umatiyamwa magazi mpaka kufooka. Sesani pansi pa khola lam'mwamba kawirikawiri, ndowe zikaunjikidwe kutali kuti zisanduke manyowa. Bala lililonse tsukani ndi madzi a mchere n'kupaka mankhwala a pabala, ntchentche zisanaikirepo mazira n'kuswa mphutsi.

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, zipatseni kaye chakudya chouma musanakazimangirire pa msipu wanthete, kuti zisatsekule m'mimba. Tsitsaninso chikope cha m'munsi: chikayera m'malo mofiira, magazi achepa, ndipo nthawi zambiri ndi njoka zam'mimba, mbuziyo imwe mankhwala a njoka.