Msana wakugwirani mukugwira ntchito za pakhomo? Nazi zoyenera kuchita

Kawirikawiri msana suvulala pa ntchito yooneka yaikulu. Munthu amakhala wasesa, wakolopa, wachapa, wayanika, kenako awerama kuti atole chovala chimene chagwa, ndipo apo m'pamene m'munsi mwa msana mumabaya mpaka kuwongoka kukanika. Chovalacho chilibe mlandu. Minofu inali itatopa kale ndi ntchito za tsiku lonse, kuwerama komalizako kunangoipeza ilibenso mphamvu.

Vutoli ndi la anthu ambiri zedi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni ankamva ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo pofika 2050 akhoza kufika 843 miliyoni. Likutinso pa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 ululu wawo suchokera ku matenda ena ake odziwika kapena ku fupa lothyoka. Ululu wotere umachepa kwambiri m'masabata ochepa, ambiri asanathe masabata 6, makamaka ngati munthu sanasiyiretu kuyenda. Mfundo imeneyi ndi imene ndikufuna muigwiritsitse, chifukwa anthu ambiri msana ukawagwira amathamangira kogona, ndipo kumeneko n'kumene kuchira kumachedwera.

Choyamba, onani ngati si za kuchipatala msanga

Musanayambe china chilichonse, dzifufuzeni. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku, ngati mwachita dzanzi pakati pa miyendo, kumaliseche kapena kumatako. Ngati mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukutuluka wokha. Ngati chimbudzi chikutuluka musakudziwa. Kapena ngati miyendo ikufooka mpaka phazi kumakokeka pansi poyenda. Zimenezi zimasonyeza kuti mitsempha ya kumapeto kwa msana ingakhale yapanikizika, ndipo kuchedwa kukhoza kusiya chilema chosatha. Pano si pochita manyazi pofotokozera dokotala.

Kaonaneninso ndi dokotala mosazengereza ngati ululu wabwera mutagwa kuchokera pamwamba, mwachitsanzo pamakwerero. Ngati muli ndi thupi lotentha kapena mukuwonda popanda chifukwa. Ngati ululu ukukula usiku ndipo sukusintha ngakhale mugone bwanji. Kapena ngati munadwalapo khansa kapena TB, pakuti matenda awiriwa amatha kulowa m'mafupa a msana. Okalamba nawo asamale, mafupa awo amatha kusweka ngakhale ndi kugwa pang'ono. Ululu wa chammbali mwa msana wobwera pamodzi ndi kutentha thupi komanso kuwotcha pokodza ungakhale wa impso, osati wa msana ayi.

Ngati palibe chimodzi mwa izi, pitirizani.

Masiku awiri kapena atatu oyamba

Kupuma n'kololedwa, koma kukhale kwa kanthawi. Mukagona, gonani chagada pilo ali pansi pa mawondo, kapena chammbali pilo ali pakati pa mawondo. Pakapita theka la ola kapena ola, dzukani muyende pang'ono m'nyumba, ngakhale mphindi 5 zokha. Kale madokotala ankalamula kugona masiku ambiri, koma zinadzadziwika kuti kugonako kumaumitsa msana ndi kufooketsa minofu, ndipo amene akupitiriza kuyendayenda amachira msanga.

Podzuka pabedi musadzuke molunjika. Tembenukirani chammbali thupi lonse pamodzi, tsitsani miyendo kumphepete kwa bedi, kenako dzikankheni ndi chigongono ndi dzanja mpaka mutakhala tsonga.

Kutentha kumamasula minofu yomangika. Thirani madzi ofunda m'botolo, likulungeni m'thaulo, ikani pamene pakupweteka kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Musagone tulo botolo lili pamsana, ndipo ngati khungu lanu silimva bwino kutentha, monga zimachitikira ena odwala shuga, njirayi isiyeni. Ena amapeza bwino ndi chinthu chozizira m'malo mwake. Nachonso chikulungeni m'nsalu.

Pa mankhwala, ibuprofen amathandiza ambiri, koma amwedwe mutadya, pa mlingo wolembedwa papaketi, komanso kwa masiku ochepa. Si wa aliyense. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena a mtima, amayi oyembekezera, ndi amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ayambe afunsa dokotala. Paracetamol payekha musamudalire kwambiri: kafukufuku wa ku Australia amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2014 anapeza kuti sanafulumizitse kuchira kwa ululu watsopano wa msana. Cholinga cha mankhwala n'choti muthe kuyenda ndi kugona tulo, osati kuti mubwerere kukanyamula zolemera tsiku lomwelo.

Yambani kufewetsa msana

Ululu waukulu ukangotsika pang'ono, yalani mphasa kapena bulangete pansi. Gonani chagada, pindani mawondo, mapazi akhale pansi. Kokerani bondo limodzi pachifuwa, ligwireni masekondi 20, sinthani. Mukatero gwetsani mawondo onse awiri mbali imodzi pang'onopang'ono, mapewa ali pansi, kenako mbali inayo. Pomaliza gwadani manja ali pansi, kwezani msana m'mwamba mutu mukuweramitsa, kenako utsitseni mutu mukukweza, maulendo 10 mosathamanga. Chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo.

Kumva kukoka kapena kuwawa pang'ono pochita zimenezi si chizindikiro choti mukudzivulaza. Chimene muyenera kusamala nacho ndi ululu wotsikira kumwendo. Ngati kachitidwe kena kakuutumiza m'ntchafu mpaka kumusi, kasiyeni kaye. Ngati kakuubweza kuchoka kumwendo kubwerera pakati pa msana, nthawi zambiri ndiye kuti mukulondola.

Bwererani ku ntchito pang'onopang'ono

Musadikire kuti ululu utheretu. Yambani ndi ntchito zoimirira komanso zopepuka, monga kutsuka mbale, kupinda zovala patebulo, kupukuta fumbi pamalo ofikirika. Gwirani mphindi 10 kapena 15, pumulani, onani mmene msana ulili mawa lake. Ukakhala bwino onjezerani pang'ono. Zolemera, monga kunyamula madzi, kuchapa mabulangete ndi kusuntha katundu, zibwere pomaliza.

Apa ndilankhule ndi a m'nyumba mwa wodwalayo. Ntchito za pakhomo zilibe tchuthi, ndipo amene amazigwira tsiku ndi tsiku amadzuka ndi ululu womwewo n'kuyambanso chifukwa palibe wina wozigwira. Ndi mmene kuvulala kwa sabata imodzi kumasandukira vuto la miyezi. Mulandeni zolemerazo kwa masabata awiri kapena atatu, koma musamuletse kuyenda ndi kugwira zopepuka.

Sinthani kagwiridwe ka ntchito

Kuwerama pakokha si koopsa, msana unapangidwa kuti uziwerama. Chimene chimavulaza ndi zinthu zingapo zikakumana: katundu wolemera, ali kutali ndi thupi, munthu akupotoza chiuno, ali wotopa, ndipo akubwereza kambirimbiri. Mukachotsapo ziwiri kapena zitatu mwa izi, ngozi yachepa kwambiri.

Tiyambe ndi kulemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho ndowa ya malita 20 yodzaza ndi makilogalamu 20 kuphatikiza ndowayo. Kuinyamula ndi dzanja limodzi kumapendeketsa thupi, minofu ya mbali imodzi n'kusenza zonse. Ndowa ziwiri za malita 10, ina kumanja ina kumanzere, n'zabwino kuposa imodzi yodzaza. Ngati ndowa ilipo imodzi, thirani theka muyende kawiri. Zovala zonyowa nazo zimalemera kuposa mmene zimaonekera, makamaka mabulangete ndi mathaulo. Gawani m'mabeseni awiri, ndipo bulangete finyani awiri.

Ponyamula chinthu pansi, sendezani pafupi mpaka chikhale pakati pa mapazi anu. Tangadzani miyendo pang'ono, pindani mawondo, bwezani matako m'mbuyo, gwirani bwino, limbitsani pamimba, kenako dzukani ndi mphamvu ya miyendo katundu atakhudza thupi. Kutalikirana kumeneku si nkhani yaing'ono. Yesani kugwira botolo la malita 2 pachifuwa, kenako mutambasule dzanja kutsogolo: kulemera n'komweko, koma mumva mmene phewa ndi msana zikulimbanirana. Ndipo pofuna kutembenuka ndi katundu, sunthani mapazi, chifuwa ndi chiuno ziyang'ane kumodzi. Kutola beseni pansi n'kupotoloka kuti muliike patebulo mapazi ali pomwepo ndi kumene kumagwira anthu ambiri.

Nthawi yogwirira ntchito nayo ili ndi gawo lake. M'munsi mwa msana muli mafupa 5, ndipo pakati pa mafupawo pali timatumba tofewa totchedwa madisiki. Usiku tikagona timatumbati timamwa madzi ngati siponji n'kufufuma, n'chifukwa chake m'mawa munthu amakhala wotalikirapo pang'ono kuposa madzulo. Tikadzaza choncho, kuwerama kwambiri kumatipanikiza kuposa masana. Ola loyamba mutadzuka gwirani ntchito zoimirira, zowerama ndi zonyamula zibwere thupi litayendayenda.

Pochapa ndi manja, kwezani beseni. Liikeni patebulo kapena pachinthu cholimba choti manja afike m'madzi inu muli chiimire osawerama kwambiri. Ngati lili pansi, khalani pampando waufupi beseni lili pakati pa miyendo. Poyanika, beseni la zovala likhale pampando pafupi ndi chingwe. Mukapanda kutero muwerama kamodzi pa chovala chilichonse, ndipo werengani nokha kuti ndi kangati. Posita kapena potsuka mbale nthawi yaitali, pondani phazi limodzi pakanthu kakafupi, muzisinthanitsa mapazi.

Posesa ndi pokolopa, tsache kapena mopu ya mpini wautali imapulumutsa msana kuposa china chilichonse chimene ndingatchule. Gwirani mpini pafupi ndi thupi, phazi limodzi kutsogolo, muziyenda ndi tsachelo m'malo motambasuka kuti mufike kutali. Kukolopa ndi nsalu mutawerama miyendo ili njo ndi kagwiridwe kotopetsa msana kwambiri; ngati palibe mpini, gwadani pathaulo lopinda, dzanja lina likuchirikiza pansi. Pansi pa bedi gwadani ndi bondo limodzi. Poyala bedi zungulirani mbali inayo m'malo modzitambasula pamwamba pake, ndipo matiresi tembenuzani awiri.

Mwana ndi katundu wovuta chifukwa amasuntha. Nyonyomalani kapena gwadani, mubweretseni pachifuwa, kenako dzukani. Amene akutha kuyenda muloleni akwere pampando kaye mumunyamulire pamenepo, ndipo musamamukhazike pachiuno mbali imodzi yokha nthawi zonse. Kabati kapena tebulo lolemera chotsanimo zinthu, kenako kankhani m'malo mokoka. Zinthu zolemera zimene mumagwiritsa ntchito kawirikawiri zisungeni pamulingo wa chiuno, osati pansi penipeni kapena pamwamba pa mutu.

Pakatha mphindi 20 kapena 30 muli chowerama, imirirani, ikani manja m'chiuno, pendekerani chambuyo pang'ono katatu kapena kanayi. Ndipo ntchito zonse zazikulu musaziunjike tsiku limodzi.

Limbitsani thupi kuti lisabwereze

Kagwiridwe kabwino kamathandiza, koma pakokha sikakwanira. Chimene chaoneka kuti chimachepetsa kubwereranso kwa ululu ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo sikuti mpaka zida zodula ayi. Mu 2024 The Lancet inatulutsa kafukufuku wina wa ku Australia wotchedwa WalkBack, wa anthu 701 amene anali atangochira ululu wa msana. Amene anapatsidwa ndondomeko yoyenda pansi pamodzi ndi uphungu anakhala masiku pafupifupi 208 ululu wolepheretsa ntchito usanabwerere, pamene anzawo amene sanapatsidwe ndondomekoyi anakhala masiku 112. Yambani ndi mphindi 10 patsiku, muzionjezera mpaka mufike theka la ola masiku ambiri pasabata. Kuyendayenda m'nyumba pogwira ntchito sikulowa m'malo mwa kuyenda kumeneku, chifukwa n'koduladula komanso kowerama.

Onjezeraninso zitatu izi katatu pasabata. Gonani chagada mawondo atapinda, kwezani matako mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo, gwirani masekondi 5, tsitsani, maulendo 10. Kenako gwadani manja ali pansi, tambasulani dzanja lamanja kutsogolo ndi mwendo wamanzere kumbuyo chiuno chosapendekeka, gwirani pang'ono, sinthani. Kudzuka ndi kukhala pampando maulendo 10 osagwira ndi manja kumalimbitsa ntchafu, zimene zimakunyamulirani katundu. Ngati mumasuta fodya, dziwani kuti osuta amavutika ndi msana kawirikawiri kuposa osasuta.

Lamba womanga m'chiuno musamudalire. Palibe umboni wolimba woti amateteza kuvulala, ndipo malangizo amene WHO inatulutsa mu 2023 okhudza ululu wa msana wokhalitsa salimbikitsa malamba oterowo. X-ray nayo si yofunika kwa aliyense: siionetsa minofu, ndipo zithunzi za msana zimaonetsa kutha kwa madisiki ngakhale mwa anthu ambiri amene sakumva ululu uliwonse. Koma ngati patha masabata 4 mpaka 6 popanda kusintha, ngati ululu ukukulirakulira, kapena ukutsika mpaka kupitirira bondo ndi dzanzi kuphazi, kaonaneni ndi dokotala ndipo funsani za mafizo. Kumeneko kafotokozeni ntchito zenizeni zimene mumagwira, ndowa yake ndi ya malita angati, beseni limakhala pati, mwana ndi wolemera bwanji, kuti masewera amene akupatseni agwirizane ndi zimene mukabwerere kukachita.